Mphezi pa Phiri la ku Mlolo

Lefina sankafuna kukwera phiri tsiku limenelo. Loweruka ndi tsiku la malonda pamsika wa pa boma la Chadiza, ndipo iye ankagulitsa zitenje. Koma mwamuna wake Terrance, mphunzitsi wa sekondale, chimuuzireni kuchipatala kuti magazi ake akuthamanga kwambiri, anangoti kakaka ndi zoyenda pansi. Misewu ya pa boma anaimaliza yonse. Tsopano mtima wake unali pa phiri lalitali lomwe limaonekera kuseri kwa midzi ya ku Mlolo.

"Amake Esther, munabadwira konkuno, koma simunalionepo dziko lanu muli pamwamba," anatero Terrance m'mawa uja.

"Ndimaliona bwinobwino ndili pansi pomwe pano," anayankha Lefina.

Komabe anavala nsapato zansalu, mwana anakamusiya kwa mng'ono wake, n'kuponya mango ndi botolo la thobwa m'kachikwama. Ananyamuka pa njinga yamoto yobwereka. Atafika m'mudzi womaliza, patsinde pa phiri, anaisiya pakhomo pa a Simeoni, bambo wachikulire amene anamupeza akukonza goli la ng'ombe zake.

Unali mwezi wa Novembala, mvula isanagwe. Dzuwa linkaotcha ngati lakwiya. Kanjira kanayamba bwino pakati pa mitengo ya masuku, kenako kanasanduka miyala yokhayokha, moti pena ankakwawa ndi manja omwe. Nyenje zinkalira mogonthetsa m'khutu. Lefina anadandaula njira yonse, Terrance akungoseka, thukuta lili kamukamu.

Koma atafika pansonga, Lefina anaiwala zodandaula zija. Pansi ponse panali minda yolimidwa kale, mizere yofiira ikudikira mvula, ndi madenga a malata akuthwanima apo ndi apo. Ng'ombe zinkaoneka ngati nyerere.

"Uko mukuona mapiri abuluu uko, ndi ku Mozambique," anatero Terrance akuloza.

"Ndiye pafupi chonchi?"

Anakhala pathanthwe, nadya mango, madzi ake akuyenderera m'zigongono. Mtambo wakuda unkabwera kuchokera mbali yomweyo ya ku Mozambique, koma unkaoneka kuti ukadali kutali. Kamphepo kozizira katayamba, anagwirizana zotsika. Lefina anatsetserekera kunsi kwa thanthwe kukatenga kachikwama. Terrance anatsalira pamwamba, pafupi ndi mtengo umodzi wokha umene unamera mumng'alu wa mwala, kuti ajambule mtambowo ndi foni.

Akuwerama kuti atole botolo, Lefina anamva ubweya wa pamikono pake ukuimirira. Anadabwa, n'kudzisisita. Kenako dziko lonse linayera mbuu.

Sanamve n'kulira kwa bingu komwe. Anangozindikira ali chagada pamiyala, m'kamwa mukuwawa ngati watafuna chitsulo, m'makutu mukulira ngati mwalowa njuchi. Kunkanunkha tsitsi lopserera. Anadzuka mwapang'onopang'ono, nayang'ana kumtunda. Mtengo uja unali utang'ambika pakati, mkati mwake muli mbee, ukufuka utsi. Nsapato imodzi ya Terrance inali pafupi ndi phazi lake iyeyo Lefina, yong'ambika ngati yatafunidwa ndi galu. Mwini wake sankaoneka.

"Bambo a Esther!"

Mawu ake omwe anawamva ngati akuchokera pansi pa madzi. Anakwawira pathanthwe paja. Terrance anali gone chafufumimba, shati itang'ambika kuchokera m'khosi mpaka m'chiuno. Lefina anamutembenuza. Maso anali tong'o, osaphethira.

"Dzukani! Bambo a Esther, dzukani, musanditero!"

Anamugwedeza, anamuwomba mbama, kenako anayamba kumumenya pachifuwa ndi zibakera, osadziwa n'komwe chimene akuchita. Terrance anakoka mpweya mwamphamvu ngati munthu wovuuka m'madzi, natsokomola. Anamuyang'ana mkazi wake ngati mlendo.

"Ana alowa kale m'kalasi?" anafunsa.

Lefina anagwira pakamwa. "Ndine Lefina. Tili kuphiri. Mphezi yakumenyani."

Terrance anangoyang'ana milomo yake. Lefina anayesa kumuimiritsa, koma miyendo inali lobodo, yozizira ngati ya maliro. Nthawi yomweyo mvula inayamba, madontho akuluakulu omenya ngati miyala, ndipo bingu linagundanso chapafupi. Anamugwira m'khwapa, namukokera kunsi mpaka pamene mwala unapanga kaphanga. Anatulutsa foni yake, koma netiweki panalibe. Anamufunditsa chitenje.

"Musachoke pano. Mwamva? Ndikukaitana anthu."

Mmene anatsikira phirilo, mpaka lero sakumbuka bwino. Amangokumbuka kuti anagwa kangapo, kuti madzi ofiira ankathamanga naye limodzi m'kanjira, ndi kuti anafika pakhomo pa a Simeoni akukuwa, magazi akuchucha pabondo.

"Mphezi! Amuna anga! Ali pamwamba!"

A Simeoni sanafunse zambiri. Anaitana amuna anayi a m'mudzimo, anadula mitengo iwiri n'kumangapo masaka kuti akhale machira, ndipo anauza akazi awo kuti ngolo ikadikire patsinde. Anamuuza Lefina kuti atsale, koma iye anakana. Anakweranso nawo, mvula itayamba kukata.

Atafika pakaphanga paja, anapeza chitenje chokha.

Lefina anaima ngati chitsa. Anachitola chitenjecho, nachikutumula, ngati kuti munthu angagwe kuchokera m'menemo.

"Mai, ndi pano ndithu?" anafunsa a Simeoni.

"Ndi pano! Ndinawasiya pano! Miyendo yawo inali yakufa, sakanatha kuyenda!"

Amuna aja anayang'anizana. Mmodzi anapita m'mphepete mwa thanthwe, nasuzumira kuphompho. Lefina ataona zimenezo, anakhala pansi m'matope. Anthu anabalalika uku ndi uku akuitana, "Aphunzitsi! Aphunzitsi!" koma ankayankha ndi mapiri okha.

Kenako a Simeoni anakweza dzanja. "Tamverani."

Kutali, kutsetsereko kwa mbali inayo, munthu ankafuula ndi mawu osasa. Sankayankha iwo. Ankangobwereza dzina limodzi.

"Lefina! Lefinaaa!"

Anamupeza m'kati mwa tchire, phazi limodzi lopanda nsapato, akuvundukula zitsamba ndi kusuzumira kuseri kwa miyala. Ankayenda modzandira ngati woledzera. Anamuitana ali pafupi zedi, koma sanatembenuke, mpaka Lefina anamugwira paphewa. Terrance analumpha. Atamuona, nkhope yake inasintha. Anamugwira masaya, mapewa, mikono, ngati akuwerenga ngati zonse zilipo.

"Muli moyo?" anafuula, mokweza kwambiri ngati munthu amene sakudzimva. "Ndinadzuka ndili ndekha. Ndinaona mtengo uja, ndi chitenje chanu. Ndimayesa yakutengani. Ndimafunafuna mtembo wanu, amake Esther!"

"Yamenya inu, osati ine!"

"Mwati chiyani?"

"Ndati yamenya inu!"

Terrance anapukusa mutu, akuloza makutu ake. Sankamva kanthu. Lefina anamutembenuza kuti amufunditse, ndipo m'pamene onse anaona msana wake. Kuyambira paphewa mpaka m'chiuno panali chithunzi chofiira, chanthambinthambi, ngati wina wajambulapo mtengo ndi singano yamoto. Mmodzi wa amuna aja anabwerera m'mbuyo. A Simeoni anavula chipewa.

"Ndakula ndithu," anatero, "koma izi ndaziona lero."

Anamunyamula pamachira ngakhale iye ankakakamira kuti ayenda yekha. Patsinde, mudzi wonse unali utasonkhana pangolo. Akazi ena anali atayamba kale kulira maliro, ndipo ataona wakufayo akudzutsa mutu n'kupempha madzi, kulirako kunadukira pakati. Akazi a a Simeoni anamukokera Lefina pambali.

"Mwana wanga, amuna anuwa anayambana ndi ndani? Mphezi siisankha munthu chabe."

Lefina anawasiya pomwepo. Anangokwera m'ngolo, naika mutu wa mwamuna wake pamiyendo pake. Ng'ombe zinayenda m'matope mpaka kumsewu waukulu, kumene anapeza galimoto yowatengera ku boma.

Kuchipatala anamugoneka masiku angapo. Anamwino ankaitanizana kudzaona msana uja, ndipo adokotala anati mtima ukugunda bwino, miyendo ilibe vuto. Chithunzi chofiira chija chinazimiririka chokha sabata isanathe. Khutu lakumanja linatseguka pang'onopang'ono, koma lakumanzere silinabwererenso. Za pamwamba paja Terrance sakumbuka chilichonse kuyambira pamene ankadya mango mpaka pamene anadzuka m'kaphanga.

Tsiku lotuluka, a Simeoni anabwera ndi njinga yamoto ija, atakwezedwa ndi mphwawo. Anabweretsanso kathumba ka pulasitiki, nakapereka kwa Lefina. M'katimo munali foni ya Terrance, imene abusa a mbuzi anaitola pansi pa thanthwe. Inali itasungunuka mbali imodzi n'kupindika ngati chikopa chouma. Lefina anaitembenuza m'manja, ndipo foniyo inamupulumuka n'kugwa pasimenti.

Terrance anawerama kuti aitole, koma Lefina anamugwira dzanja.

"Isiyeni," anatero, atasendera ku khutu lakumanja. "Tiyeni kunyumba, mwana akudikira."