Chidindo Chibwerere M'thumba

Ine Tu Wen-lung ndapanga masamba a pa intaneti m'mizinda imene anzanga a kuno ku Chiayi amangoionera pa kanema. Ndinayambira pa kompyuta yotola, kuseri kwa sitolo ya njinga ya bambo anga, popanda wondiphunzitsa. Ku Osaka ndinakonzera tsamba kampani ya nsapato. Ku Berlin anyamata andevu ankaima kumbuyo kwanga kuti aone mmene ndimasankhira mitundu. Ku Vancouver ndinasonkhanitsa anthu a m'nyumba za lendi mpaka eni nyumba anafewa. Ndiye Azakhali a Pan, ogulitsa mpunga wa nkhukundembo pafupi ndi kachisi, atanena kuti akupikisana nawo pa mpando wa mkulu wa dera lathu, ndinawauza kuti mtima ukhale m'malo.

"Azakhali, mwapeza munthu amene maboma amamulimbirana."

"Idya kaye, mabomawo akudikira," anatero akundikankhira mbale.

Ndinawapangira tsamba loyera mbee, la zilembo zowonda, lokongola moti ine ndemwe ndinkalitsegula kuti ndingoliyang'ana. Ndinatsegulanso gulu la pa foni, n'kulowetsamo okalamba onse ovina m'mawa kupaki ndi oimba kukachisi. Mnzawo wopikisana naye, mwini malo otsukira magalimoto, anali atatenga achinyamata ndi amalonda. Ife mphamvu yathu yonse inali mwa okalambawo, ndipo mpikisano unali wa wafawafa.

Kutatsala masiku ochepa kuti tivote, Achikulire a Chien, amene anapuma ntchito ya positi, anatumiza pagulupo chithunzi cha chidindo cha dzina lawo, chotsukidwa bwino ndi mswachi. Pansi pake analemba kuti, "Chakonzeka. Mayi Pan adzaone okha kuti Chien sanawataye." Pasanapite nthawi, gulu lonse linadzaza zithunzi za zidindo, zamtengo, zamwala, zanyanga.

Kovota tonse timapita ndi chidindo chathu, chifukwa timadinda nacho m'kaundula polandira pepala lovotera. Koma papepalalo umadinda ndi chidindo cha boma chimene umachipeza m'kachipinda kovotera. Ukaikapo dzina lako, voti yafa. Anthu athu ankafuna kuwagwetsa Azakhali ndi chikondi.

Ndinakawapeza Achikulire a Chien kupaki akumenyetsa msana ku mtengo, monga amachitira okalamba polimbitsa thupi.

"Achikulire, mukadinda dzina lanu votiyo siwerengedwa."

"Mwana iwe, chidindo ichi chinandikwatitsa, chinandigulira nyumba. Lero chalephera kusankha mayi wogulitsa mpunga?"

"Lamulo limatero. Ndinafotokoza zonse patsamba lija."

"Loyera lija? Ine ndimayesa likadatseguka. Ndinadikira mpaka tiyi anazizira."

Munthu wina akanakhumudwa. Ine ndinawapempha foni yawo, n'kuona zimene iwo ndi anzawo amatumizirana. Zinali zithunzi za moni wam'mawa zokhazokha: duwa la kakombo, dzuwa likutuluka, mawu ofunirana mtendere. Ndipo palibe chimene chinkangodutsa. Wolandira ankayankha, n'kutumizanso kwa ena, chifukwa kukhala chete pa moni wa mnzako ndi mwano.

Masana omwewo ndinakhala pansi n'kupanga chinthu chonyansa kuposa zonse zimene manja anga anapangapo. Kakombo wamkulu wofiirira, dzuwa lachikasu, mathithi, agulugufe, ndi zilembo zagolide zonenepa zokhala ndi mthunzi wa utawaleza. Mawu ake anali akuti: "Mwadzuka bwanji. Mtendere ndi thanzi. Wokonda Mayi Pan akalandira pepala, chidindo chake chibwerere m'thumba." Maso anandiwawa, koma ndikuuzeni zoona, palibe wina m'dziko lino akanasakaniza mitundu imeneyo mwaluso chotero.

Kutacha, ndinachitumiza kwa Achikulire a Chien okha. Dzuwa lisanafike pamutu chinali chitandibwerera kuchokera kwa mayi anga, kwa wometa tsitsi, ndi kwa msuweni wanga wa ku Kaohsiung amene savota n'komwe kuno. M'mawa uliwonse ndinkatulutsa china, nthawi zina cha nsomba, nthawi zina cha kapu ya tiyi yofuka nthunzi, mpaka nthawi yokopa anthu inatsekedwa.

"Wayamba kudziwa kujambula tsopano," anatero Azakhali. "Kunja kuja ankakuwononga."

Mavoti anawerengedwa madzulo m'kalasi ya pasukulu ya pulayimale. Pepala lililonse ankalikweza m'mwamba, n'kutchula dzina mokweza, wina n'kulemba pabolodi. Azakhali anakhala kutsogolo atavalabe epuloni. Akatsogola iwo, wotsuka magalimoto ankawapeza. Akatsogola iye, ife tinkamupeza. Ine ndinkangoyang'ana kamulu ka mavoti owonongeka, ndipo kamuluko kanakana kukula. Bokosi la mavoti litatha, Azakhali anali patsogolo ndi mavoti oti ungawawerenge pa zala. Okalamba anaomba m'manja, Achikulire a Chien akuuza aliyense kuti nzeru ya m'thumba ija inali yawo.

Koma Azakhali sanaimirire msanga. Pa mapepala owonongekawo panali limodzi limene litakwezedwa, iwo anatsinzinira diso n'kulidziwa dzina lofiira limene linadindidwa pamwamba pa chithunzi cha nkhope yawo. Anatembenukira kwa amuna awo, Bambo Liao, munthu wofatsa amene amangodula nyama kukhitchini ndipo foni yawo ndi ya mabatani.

"Liao, dzina lija ndi lako."

"Ndimafuna udziwe," anayankha akuyang'ana pansi.

"Tagona nyumba imodzi mpaka imvi, ndiye ndikanaganiza kuti wavotera wotsuka magalimoto?"

"Galimoto amatsuka bwino."

Azakhali anaseka mpaka kupukuta misozi ndi epuloni. Kenako anandikodola.

"Iwe wa maboma, mawa ukawagulire foni ya zithunzi akuluwa, uwalowetse pagulu. Chisankho china chikubwera."