Dzina pa Nthambi ya Kuonda

Chigomezgo anabwerako ku maphunziro a atsogoleri a achinyamata ku Zomba ali ndi mpukutu wa mapepala akuluakulu ndi matama osaneneka. Munali mu 1996, matipate adakali atsopano, ndipo aliyense wogona masiku atatu ku wekishopu ankabwerako ngati wachokera ku Ulaya. Iye anali wapampando wa achinyamata pa mpingo wina ku Bangwe. Njira imene anaphunzira ankaitcha mtengo wa maganizo: mawu amodzi pakati pa pepala, kenako nthambi mbali zonse, aliyense n'kumaponya chimene chamubwerera m'mutu. Lamulo linali limodzi lokha, lakuti palibe ganizo loipa, chilichonse chilembedwe, kusankha n'kwa pambuyo.

Cholembera chinali m'manja mwa Petronela, mlembi wa gululo, koma mtima wake unali kunyumba. Kumeneko kunali mkulu wake Eliness, amene anamulera makolo awo atamwalira. Miyezi isanu inali itatha Eliness osaponda kunja kwa mpanda. Chifuwa chachikulu chinamumaliza thupi, ndipo maso a anthu ankawaopa kuposa jakisoni. Petronela anamunyengerera milungu yambirimbiri mpaka anavomera kuti Lamlungu likudzalo apita kutchalitchi. Diresi anali atamuchepetsera kale.

Lachisanu masana atsogoleri asanu ndi mmodzi anakumana kuti akonze sewero la Edzi. Chigomezgo anamata pepala pakhoma, nauza Petronela kuti alembe dzina la matendawo pakati n'kulizunguliza. Mutu umodzi susenza denga, anatero, ndipo maganizo anayamba kugwa ngati mango. Nthambi ina inapita ku mowa, ina ku madalaivala a mathiraki, ina ku malezala a asing'anga. Pa nthambi ya zizindikiro panamera kutsokomola, tsitsi lopepuka ndi kuonda.

Atafika pa kuonda, Dorcas, amene ankatsogolera kwaya, anaseka chamumtima. Dorcas ankaufuna ulembiwo kuyambira kale, ndipo pakamwa pake panali pakuthwa ngati lumo.

"Pamenepo kokani kanthambi, mulembe Eliness," anatero. "Wosewera mbali ya wodwala akamuonere mayendedwe."

Anyamata awiri anaseka mpaka kugunda benchi. Petronela ananena motsitsa mawu kuti achemwali ake akudwala chifuwa basi, ndipo achipatala anatero. Chigomezgo sanaseke, koma chimene anachita chinaposa kuseka. Anafotokoza mwaulemu, ngati mphunzitsi, kuti ku Zomba anawauza kuti mlembi akayamba kusankha zolemba, mtengo umafa. Anawonjeza kuti ngati cholemberacho chamulemera Petronela, Dorcas akhoza kulandira.

Manyazi anapha lambe. Petronela anaona dzanja la Dorcas litatambasuka kale, ndipo anadziuza kuti akalemba yekha alemba ting'onoting'ono, kenako afufuta anthu akatuluka. Anakoka kanthambi kuchokera pa kuonda nalemba dzina la mkulu wake. Inki ya cholembera chonenepa ngati chimenecho sidziwa kulemba ting'onoting'ono. Pemphero lotsekera litatha, Chigomezgo anamatula pepalalo, analipinda bwinobwino n'kulipana m'khwapa, akuti akalikonze kunyumba.

Loweruka Petronela anapita kwa Chigomezgo kawiri konse, osamupeza. Anaganiza zomuuza Eliness kuti adikire Lamlungu lina, koma anamupeza akusita diresi lija akuimba chapansipansi, ndipo anamusiya apitirize kusita.

Lamlungu anayenda pang'onopang'ono, Eliness atatsamira pa mkono wa Petronela, akupuma pa mjigo ndi pa golosale. Atafika anaona anthu ataunjikana pakhonde la tchalitchi. Chigomezgo anali atamata pepala lija pafupi ndi khomo kuti akulu a mpingo aone kuti achinyamata sakugona, ndipo nthambi zonse anazidutsanso ndi inki yofiira. Iye anaima pambali, tayi ali pakhosi, akulongosolera amayi a chigwirizano mmene mtengowo umawerengedwera.

Anthu atawaona anapatuka. Petronela anayesa kumukokera mkulu wake kukhomo lam'mbali, koma Eliness anali ataona kale. Anayandikira nawerenga kuyambira pakati, maso akutsata mzere wofiirawo mpaka pomwe unathera.

"Achemwali, ananena ndi Dorcas," Petronela ananong'ona. "Ine ndinakana."

"Wonenayo ndilibe naye mawu," anayankha Eliness osamuyang'ana. "Koma dzanja ili ndikulidziwa. Ndinaligwira ndine pamene linkaphunzira kulemba."

Anachotsa mkono wake pa mkono wa Petronela natembenuka. Petronela anamutsatira akulira, koma nthawi iliyonse imene ankafuna kumugwira, Eliness ankasuntha phewa. Njira yonse anayenda yekha, akugwira mipanda ya eni ake.

Kuyambira tsiku limenelo phala ankalandira, mankhwala ankamwa, koma ankapempha kuti Petronela aziika patebulo, asamupatse m'manja. Kunja kwa mpanda anadzatulukanso mu Ogasiti, ali m'bokosi la maliro, atanyamulidwa ndi amuna anayi. Achinyamata anabwera onse atavala yunifomu, ndipo Dorcas anatsogolera nyimbo ndi mawu okoma kwambiri.