Kameta ndi Nkhuku za M'kabuku

Gwen anabwera ku Kitwe ndi bulangete, Baibulo ndi nkhuku. Nkhukuyo amayi ake anam'patsira pamsewu ku Dedza, lole italiza kale injini. Inali ya mtundu wa kameta, ija ya khosi lopanda nthenga yooneka ngati yapulumuka pampeni dzulo, ndipo dzina lake linangokhala lomwelo. Patapita zaka ziwiri amayi aja anamwalira, kalata ya maliro n'kufika patatha mwezi. Bulangete linang'ambika. Kupatula Baibulo, Kameta yekha ndiye anatsala, akupalasa kuseri kwa nyumba yawo m'komboni ya Wusakile, ndipo Gwen ankamukonda kuposa mmene mayi wopemphera ayenera kukondera nkhuku.

Amuna ake, a Cyril Kamwendo, anali kalaliki ku ofesi ya mgodi, munthu wa tayi ndi Sitandade Sikisi. M'chaka cha 1943 anatola kabuku ka ulimi wa nkhuku m'dengu la zinyalala la bwana wawo, ndipo pofika kunyumba anali atasanduka katswiri.

"Nachisale, tamvera," anatero, pomuitana Gwen ndi mfunda wake. "Azungu apanga nkhuku ya ntchito ziwiri. Mazira ikupatsa, nyama ikupatsanso."

Chibadwire, nkhuku iliyonse imene Gwen anaiona inkaikira mazira ndipo inali ndi nyama. Mwina zinkagwira ntchito ziwirizo mosadziwa, poti sizinapite kusukulu. Iye anafunsa funso limodzi lokha.

"Kodi zimafungatira, bambo?"

"Funso la kumudzi limenelo. Buku silinanene."

Loweruka a Cyril anakwera sitima ya ku Ndola, kwa mzungu wina wa famu. Anasankha mwaukadaulo, kabuku kali m'manja. Anatsina chidali kuona nyama, anayeza zala zitatu pakati pa mafupa a pansi pa mchira kuona mazira, anayang'ana lipombo ndi maso. Anabwera ndi mathadzi anayi ndi tambala, zofiira ngati njerwa, dzina lake Rodi Ayilandi. Komboni yonse inabwera kudzaona. Mayi wina wachibemba anafunsa kuti, "Mukwai, ishi ni nkoko nangu ni mbushi?" A Cyril anamva kukoma kuti nkhuku zawo akuziyerekeza ndi mbuzi.

Kunena zoona, zinkaikira. M'mawa uliwonse a Cyril ankadya dzira lokazinga asanapite kuntchito. Gwen sankalawa, pakuti kwawo mkazi sadya mazira. Miyambo yonse ya kumudzi a Cyril ankaitcha mdima, koma umodzi wokhawu ankausunga mokhulupirika. Gawo la Gwen linali kufuna gaga, kutunga madzi kumpopi ndi kusesa zitosi m'khola.

Chimene chinkawasowetsa mtendere a Cyril chinali Kameta. Anthu akabwera kudzaona zofiira, iye ankadutsa pakati pawo ndi khosi lake la pamtunda.

"Chinthu ichi chitiwonongera mtundu. Chichoke pakhomo pano."

"Mawa, bambo," Gwen ankayankha, ndipo mawa lake linatha miyezi iwiri.

Tsiku lina la Sabata, atatuluka m'tchalitchi, a Cyril anabwera ndi a Hector Mbekeani, mkulu wa mpingo, kuti adzaone chitukuko. Mlendo wotero sapatsidwa nyemba. Gwen anagwada pakhomo n'kunong'oneza amuna ake.

"Yofiira yaikulu ija sinaikire sabata yonse ino. Si paja munati n'za nyamanso?"

"Zimenezo n'za mazira."

"Nanga ntchito yachiwiri ija?"

"Idzafika nthawi yake." Kenaka anakweza mawu kuti mlendo amve. "Nachisale, kagwire kameta uja, abambo athuwa adye."

Pamaso pa mkulu wa mpingo, mkazi wa kalaliki akanati chiyani? Gwen anam'peza Kameta m'dengu lakale kuseri kwa chitseko cha khitchini, atayamba kufungatira dzana lake. Sanathawe. Nkhuku yofungatira sithawa, imangofufumitsa nthenga n'kukhulupirira kuti uisiya. Mpeni ndi ntchito ya mwamuna, koma a Cyril anali atavala malaya oyera a pa Sabata, ndiye Gwen anadula yekha. Khosi silinafune n'kusosola komwe. Analira mwakachetechete, ndipo anadziwa kuti akulira maliro aja amene sanapiteko.

M'nyumba munali chisangalalo. A Hector anadya nthutumba, a Cyril ntchafu zonse ziwiri.

"Pepani, abambo, nyama yolimba," anatero a Cyril akutafuna. "Za kumudzi n'choncho. Anapiye oyamba a zofiirazi ndi anu, mudzaone kusiyana kwake."

Gwen anadyera kukhitchini, ndiwo zake nkhwani.

Tsopano panafunika anapiye. A Cyril analeka kudya mazira mpaka anakwana khumi ndi awiri, n'kuwayala bwinobwino paudzu m'khola. Mathadzi anawayang'ana n'kupitiriza ulendo. Ankaikira, kudzikung'untha, n'kuchoka, ngati madona a kumayadi amene amabereka n'kusiyira wantchito. Sabata inatha, yachiwiri inatha. A Cyril anagwira thadzi limodzi, kulikhazika pamazira, kulivundikira ndi dengu n'kutsamiritsa njerwa. Pobwera kuntchito anapeza mazira atatu ophwanyika ndi thadzi lokwiya.

Anabwerera kukabuku kaja, ulendo uno mpaka tsamba lomaliza. Pamenepo panali chithunzi cha bokosi la nyale ya palafini, loswetsera mazira a nkhuku zosafungatira. Anafunsa m'masitolo a ku Kitwe ndi ku Ndola. Konse anawauza kuti adikire nkhondo ithe. A Hector nawo sankaiwala. Sabata iliyonse, pakhomo la tchalitchi, pamaso pa anthu, ankafunsa mwachikondi ngati anapiye awo ayamba kuyenda.

Loweruka lina masana Gwen akusita malaya, a Cyril anaima pakhomo, tayi atavula. Anatsokomola kawiri.

"Nachisale, kodi m'komboni muno mulibe mnzako amene angatibwereke thadzi lofungatira? Ngakhale la kumudzi, palibe kanthu."

Gwen anaika simbi pamwala. Analowa m'khola, anatola mazira asanu ndi anayi otsala aja, n'kuwaika m'dengu lakale la Kameta, mmene munali mudakali tinthenga take. Anagwada mwaulemu monga anam'langizira amayi ake, n'kuliika pamapazi pa amuna ake.

"Linalipo limodzi, bambo, koma munati nyama yake ndi yolimba. Pakhomo pano wozolowera kukhala pansi tsiku lonse mwatsala ndinu. Masiku ake ndi twente-wanu."

Gwen anabwerera kusimbi yake, makala asanazime.