Botolo Lokulungidwa M'mapepala a Chisankho

Botolo la ndiwo za mabiringanya limene mayi Floarea anatumizira mwana wawo ku Valencia linabwerera Lachiwiri, losatsekula n'komwe. Dalaivala wa basi ya ku Valencia anawapatsira mayi Floarea, nati: "Mwana wanu akuti muwerenge chokulungiracho."

Chokulungira? Ndi mapepala wamba achisankho basi! Mayi Floarea, amene anachoka ku Romania kalekale kudzakolopa masitepe a nyumba zosanja ku Castellón, anali nawo mulu. Anawapatsa ndi bambo Costel, mkulu wa mpingo, kuti azigawa pakhomo la tchalitchi.

"Mlongo, ife obwera tikavota pamodzi amatiopa," anatero bambowo. "Chipani ichi chiteteza ufulu wathu wopembedza. Musavutike n'kuwerenga, gawani basi."

Anagawadi. Ena mwa otsala anakulungira botolo la Ilinca, mwana wawo mmodzi yekhayo, kuti lisasweke. Chisipanishi cholankhula ankachitha, koma cholemba chinkawazunguza mutu.

Lamlungu, tsiku limene ankaimbira mayi ake foni, Ilinca sanaimbe. Lamlungu linalo, zii. Mayiwo ankadya okha, foni ili pambali pa mbale, mtima ukuwawa. Ankadziwa kuti Ilinca, mphunzitsi wa sukulu ya mkaka, amakhala ngati banja ndi Nuria, mkazi mnzake. Nkhaniyo sankaikonda, sankaitchulanso, koma mwana ndi mwana.

Atatopa, anatenga limodzi mwa mapepala aja n'kukagogoda kwa mayi Remedios, mphunzitsi wopuma pantchito wa m'nyumba imene ankakolopa.

"Ndiwerenge zonse?" anafunsa mayi Remedios atavala magalasi. "Kutsogoloku akukamba za ufulu wa matchalitchi. Kuseriku akuti akazi okwatirana okhaokha ndi matenda, asamayandikire ana a sukulu."

"Mayo ine! Ndagawira mpingo wonse!"

"Floarea, kupemphera ndi ufulu wanu, palibe angakulandeni. Voti nayonso ndi yanu, si ya mpingo. Koma pepala limene mwapereka ndi dzanja lanu limalankhula ndi pakamwa panu. Mwanayo wamva mawu a mayi ake."

Lamlungu anabweza mapepala otsalawo kwa bambo Costel.

"Aaa, mlongo, ndi ndale chabe izi!"

"Kwa inu ndi ndale. Kwa ine ndi mwana."

Tsiku limenelo pabenchi lawo sipanakhale wina aliyense. Anaimba nyimbo zonse okha, mpaka amen.

Kunyumba anasowa chokulungira botolo. Anavula mpango wawo wopitira kutchalitchi, nalizenga bwinobwino, n'kupita nalo kwa dalaivala uja.

"Kalata palibe, mayi?"

"Mukangomuuza kuti ndawerenga."

Papita masabata atatu tsopano. Foni sinalirebe, ndipo mayi Floarea amaiikabe pambali pa mbale. Koma Lachiwiri lililonse amakaima pokwerera basi, dalaivala n'kuwaonetsa manja opanda kanthu, iwo n'kubwerera akupukuta misozi yachimwemwe. Botolo silinabwererenso.

Phunziro: Musagawe mawu amene simunawerenge. Chisankho chimatha tsiku limodzi, koma bala la mawu limatsala m'nyumba.