Amalume pa Mzere wa Ofuna Ulonda

Lolemba limenelo kampani yathu inkafuna anthu makumi awiri: alonda a pageti khumi ndi asanu, oyenda ndi agalu atatu, ndi awiri okhala m'chipinda cha makamera. Ntchito yanga inali yoona mapepala. Ndinakhala pa tebulo pakhonde, pambali pa a manijala, ndipo aliyense ankabwera ndi envelopu yake muli chiphaso, satifiketi ya sukulu ndi kalata ya kupolisi yosonyeza kuti sanapalamulepo mlandu.

Munthu wa nambala 41 anali amalume anga.

Amalumewa ndi amene anandilera mayi atamwalira. Anayendetsa lole ya kampani ya matabwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo ine sindinkadziwa n'komwe kuti kampaniyo inatsekedwa. Panali patatha chaka ndi theka ndisanapondeko kwawo. Iwonso sankadziwa kumene ndinkagwira ntchito, chifukwa ndinangowauza kuti ndili mu ofesi ya kampani ina yaikulu.

Anaima patsogolo panga atameta ndevu bwinobwino, imvi zonse atazidetsa ndi mankhwala, moti pamwamba pa khutu panatsalira kamzere kakuda. Atandiona anaphethira kamodzi, kenako anayang'ana pansi.

"Mwadzuka bwanji, madamu," anatero, akupereka envelopu ndi manja awiri.

A manijala anatembenukira kwa ine. "Bambowa akuoneka ngati akukudziwani."

"Ayi, bwana. Mwina andifananiza ndi munthu wina."

Mawuwo anatuluka ndisanawaganizire. Pa fomu yawo amalume analemba kuti ali ndi zaka 44, chifukwa alonda a pageti sitinkalemba opitirira 45. Zaka zawo zenizeni zinali 58. Pa fotokope ya chiphaso, chaka chobadwira chinali chitakonzedwa ndi bolopeni. Ndinadinda chidindo mwamsanga n'kuwalozera kubwalo, mumtima ndikudziuza kuti ndawathandiza.

Kubwaloko kunali Sajeni, msilikali wopuma amene ankayesa mphamvu za ofuna ntchito. Lamulo lake linali kuzungulira bwalo katatu mothamanga, dzuwa likuswa mtengo. Amalume anavula jekete, analipinda bwino n'kuliika pa mwala. Ulendo woyamba anayesetsa kukhala pakati pa gulu. Wachiwiri anatsalira. Asanaumalize anagwada pafumbi, akupuma ngati mvukuto, thukuta lakuda likutsikira m'khosi mpaka pa kolala ya shati yawo yoyera.

"Agogo, mwasochera," anatero Sajeni. "Kuchipatala ndi mseu winawo. Taonani, ngakhale tsitsi lakana bodza."

Bwalo lonse linaseka. Sajeni anatembenukira kukhonde n'kufunsa kuti walola nkhalambayi kulowa ndi ndani. Ine ndinaweramira mu faelo ngati ndataya chinthu.

"Wanama ndi ineyo, bwana," anatero amalume akudzuka. "Madamuwo sakanadziwa."

Anatola jekete lawo n'kutuluka pageti osacheuka.

Ndinaonabe mapepala a anthu ena makumi atatu, koma ndikanafunsidwa nkhope ya mmodzi yekha sindikanaikumbukira. Nthawi ya nkhomaliro itakwana ndinathamangira ku siteji ya basi. Ndinawapeza atakhala pa benchi, akupukuta khosi ndi kampango.

"Amalume."

"Iwe, bwerera ku ntchito. Angakuone."

"Bwanji simunandiuze kuti ntchito inatha?"

"Ndinakuimbira kanayi mwezi wachiwiri uja." Sanalankhule mokalipa. "Ndinaganiza kuti watanganidwa. Lero ndaona kuti zoonadi, ntchito yako ndi yambiri."

Ndinafuna kunena kuti andikhululukire, koma ndinachedwa. Basi inabwera, iwo anakwera.

Nditabwerera ndinagogoda pa ofesi ya a manijala n'kuwafotokozera zonse, za chiphaso chija ndi za bodza langa lomwe. Anandimvetsera akusewera ndi makiyi.

"Ndinadziwa," anatero. "Mphuno zanuzo n'zofanana, simungazibise. Chimene chandikhumudwitsa n'chakuti ntchito mumaidziwa. Ku makamera sitiyang'ana zaka, timafuna munthu wa maso akuthwa, wodekha, wosasinza. Dalaivala wa lole wa zaka zonsezo ndiye woyenera. Mukanangonena m'mawa uja, bwenzi munthu wamkulu asanagwade pafumbi."

Anandipatsa kalata ya chenjezo chifukwa cha chidindo chija, komabe anati amalume atha kubwera Lachitatu kudzayesedwa ku makamera ngati wina aliyense, ine ndisakhalepo.

Ndinawaimbira amalume nthawi yomweyo. Foni inalira mpaka kuduka. Ulendo wachiwiri anayankha, ndipo anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Uwathokoze abwana akowo," anatero. "Koma sindibwera, mwananga. Sajeni uja ndikhoza kumupirira. Chimene sindingathe n'kumakumana nawe m'makonde tsiku ndi tsiku, ndisakudziwa ngati lero ndikupatse moni kapena ayi."

Malo awiri aja anatengedwa ndi mayi wina amene kale ankagulitsa matikiti a basi komanso bambo wina wopuma ntchito ya uphunzitsi.

Loweruka ndinapita kwawo. Azakhali, akazi awo a amalume, ananditsegulira chitseko n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Tikuthandizeni, madamu?" anandifunsa.

Ndinaima pakhomopo osapeza poyang'ana, mpaka amalume analankhula ali mkati kuti amusiye mwanayo alowe. Anali pa mpando akuwerenga tsamba la ntchito mu nyuzipepala, atazunguliza malo awiri ofuna madalaivala. Anandiuza kuti sukulu ina ikufuna woyendetsa basi ya ana, koma mafomu ake ndi a pa intaneti ndipo iwo zimenezo sazitha. Ndinatulutsa foni, ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wawo, ndipo tinayamba kulemba. Azakhali sanandilankhulenso tsiku lonse, koma pokonza chakudya anaika mbale zitatu.