Thabwa la Alois

Resi anali atawaza theka la mulu wa nkhuni pamene mwana wake wamkazi, Burgi, anatulukira kuseri kwa khola, manja atapinda pachifuwa.

"Amayi, kaoneni zimene achita achimwene. Thabwa la ababa alipaka vanishi."

Resi anakhomeka nkhwangwa pachitsa. Msana unkamupweteka kuyambira tsiku la maliro, mbale zobwereka zinali zisanabwezedwe, ndipo chisanu sichidikira kuti munthu amalize kulira.

Kwawoko, m'nkhalango za ku Bavaria, munthu akamwalira amamusemera thabwa, kulembapo dzina, n'kukaliika m'mbali mwa njira. Akuluakulu amati thabwa likaola, mzimu nawo wapuma. N'chifukwa chake amasankha mtengo wofewa. Resi sankadziwa ngati amakhulupirira zimenezo, koma mayi ake anawachitira choncho, agogo ake chimodzimodzi, ndipo analibe mphamvu zoyambitsa zatsopano.

Resi anakam'peza Korbinian m'galaja. Mwana wake wamkuluyo, amene anachokera ku Munich maliro ali mawa, anali atagoneka thabwalo pamipando iwiri. Linali la thundu, mtengo wolimba wosaola msanga, lochindikala, lonyezimira, pamwamba atalikhomera kadenga ka lata.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa Resi.

"Thabwa la ababa."

"Ine ndikuona chitseko cha hotela."

"Ndikalipachika m'mwamba, mumtengo waukulu uja ankakwera. Pouma, padzuwa."

Malemu Alois, mwamuna wa Resi, anathera zaka zake zomaliza m'mitengo. Anthu a kuyunivesite ankamulemba ganyu yokoleka misampha ya zikumbu zodya mitengo youma: ina pansi, ina pakati pa thunthu, ina kunsonga kwenikweni. Ankabwera utuchi uli m'makutu, n'kumalalikira patebulo mpaka supu kuzizira kuti zikumbu zam'mwamba ndi zapansi sizidyera mbale imodzi. Sanagwe mumtengo ayi. Mtima unamuimira pakhomo, akuvula nsapato.

"Bambo ako akamalankhula unkatseka makutu?" anatero Resi. "Chikuni cham'mwamba chimangouma n'kukhala. Chapansi ponyowa ndicho chimadyedwa. Iwe thundu, vanishi, denga, kenako m'mwamba. Ukufuna adzapume liti?"

"Amayi, zoona mumakhulupirira kuti mzimu wa munthu umadikira zikumbu?"

"Usandifunse mafunso a m'kalasi. Ndidzafa ine thabwali likadali phuliphuli. Ndikam'peza ataima panjira, akundifunsa kuti ndinali kuti mwana akupaka."

Burgi anaseka pang'ono pakhomopo, kenako anapukuta mphuno. "Akanasangalala, achimwene. Kudyedwa ndi anzawo."

Korbinian sanaseke. Anayendetsa chala m'zilembo zimene anagoba yekha.

"Likaola, dzinali lichoka. Nditsala ndi chiyani? Inu munali nawo tsiku ndi tsiku."

"Utsala ndi ine," anatero Resi. "Ndi nkhuni zija."

Mawuwo anatuluka ouma kuposa mmene ankafunira. Anatsitsa pulena pakhoma n'kuiika pathabwapo.

Korbinian anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga hamala, n'kuyamba ndi kadenga kaja, kuzula msomali umodziumodzi. Anapala vanishi yense masana onse, pang'onopang'ono pozungulira dzina, mpaka thabwa linayera mbuu.

"Thundu ndi thundu," anatero osadzutsa mutu. "Lichedwabe."

"Lichedwe," anayankha Resi. "Bola lizipita."

Analinyamula atatu, ana kutsogolo ndi kumbuyo, Resi atangogwira pakati. Anapitirira mtengo waukulu uja osaima, n'kutsetsereka mpaka kukamtsinje, pamene panagona thunthu lakale lomera bowa. Korbinian anafuna kuliimika. Anayang'ana mayi ake, n'kuligoneka pamasamba onyowa, dzina kumwamba. Analikanikiza ndi bondo kuti likhudze dothi, ndipo bondolo sanalichotse msanga.

Resi anawasiya komweko. Anabwerera kunkhuni kusanade.

Chikuni chimene anaika pachitsa chinali ndi timabowo, ufa wosalala ukutuluka. Anakweza nkhwangwa, n'kuitsitsanso. Anatola chikunicho n'kuchiika kukhutu. Zaka zonse za ukwati wawo Alois ankamuchepetsera nkhuni mwa njira imeneyi: chikuni chilichonse chokhala ndi mwini wake m'kati ankachibweza kunkhalango, m'nyumba muzizire kaya musazizire.

Resi sanamve kanthu. Makutu amenewo analibe.

"Mutu wako, Alois," anang'ung'udza.

Anachitsamiritsa bwinobwino pampanda, mbali ya kunkhalango, n'kutola china pamulu.