Thonje la M'makutu

Pa tsiku la Khirisimasi Akuzike anadzuka atakonzeka. Analowetsa thonje m'makutu onse awiri n'kumanga duku mpaka kuphimba makutuwo, monga anamulangizira namwino wa ku Blantyre. Chiyambireni pamene phiri linang'ambika ndi mvula ya namondwe n'kukokolola nyumba yawo ku Chilobwe, mayi ake ndi Mtende, mwana wake woyamba, ali momwemo, chilichonse chophulika chinkamubwezera m'matope aja. Tsono kuno kwawo kwa mwamuna wake Hezron, kufupi ndi Phwezi, ana anali atayamba kale kuyesa makombola kumsewu.

Koma mantha ake enieni sanali makombolawo. Dzana lake anamva mlamu wake Muriel akuuza bambo awo kuseri kwa chigafa cha fodya kuti mkazi wozungulira mutu sangalere mwana wa kwa Gondwe. Chitumbuka ankachimva mwa apo ndi apo, koma zimenezi anazimva zonse. Muriel anali atatha zaka zisanu ndi zitatu pabanja opanda mwana, ndipo akanyamula Temwa, mwana wamng'ono wa Akuzike, sankafuna kumubweza.

"Ndipirire lero lokha," anadziuza Akuzike. "Mawa tikwera basi."

Atabwerako ku tchalitchi, apongozi ake a Gondwe anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi akulu a mpingo anzawo awiri. Akuzike anagwada, anawasambitsa m'manja, n'kupereka mpunga ndi nkhuku, Temwa ali kumsana. Mawu onse ankamveka ngati akuchokera m'chitsime. Anatembenuka ulendo wa kukhitchini osadziwa kuti a Gondwe aitana katatu kufuna mchere.

Muriel anamugwira paphewa n'kukoka duku.

"Ehe! Taonani, adada. Watseka makutu kuti asamve mawu anu. Kwanu mumatero, mlamu?"

"Si choncho," anatero Akuzike, maso ali pansi. "Bambo a Temwa akudziwa chifukwa chake."

Hezron anapitiriza kuguguda fupa. "Chotsa," anatero osamuyang'ana. "Ukutichititsa manyazi pamaso pa alendo."

Muriel anazula yekha thonjelo. Pamene Muriel ankaliika m'thumba la diresi lake, Akuzike anaona nsonga ya kapepala kofiira, kamene amakulungira makombola ku golosale. Kenaka mlamu wakeyo anazungulira kuseri kwa nyumba, kumene ana ankasewera pafupi ndi diramu lopanda madzi.

Akuzike anachita zomwe anaphunzitsidwa. Anaponda mapazi pansi mwamphamvu n'kuyamba kutchula mumtima zinthu zisanu zimene ankaziona. Mbale. Mpando. Galu. Nsapato zothimbirira za mkulu wa mpingo.

Chachisanu sanachipeze. Diramu linabangula kanayi motsatizana, malata n'kuyankha.

Dzuwa linazima. Anamva fungo la dothi lonyowa, miyala ikugubuduka, mayi ake akukuwa. Anakokera mwana pachifuwa n'kuliyatsa liwiro, kupyola m'chimanga chofika m'mawondo, mpaka pamwamba pa chulu. "Mtende, gwira! Gwiritsitsa, Mtende!" Ulendo uja madzi anamulanda mwana chifukwa manja anatopa. Lero sakanatayanso.

Zinatengera Hezron ndi akulu awiri aja kuti amasule zala zake. Pamkono pa Temwa panatsala zizindikiro za zikhadabo, china chikutuluka magazi.

"Mwadzionera nokha," anatero Muriel, akutonthoza mwanayo. "Akanafera m'manja mwake. Ndipo akumuitana dzina la wakufa."

"Makombola aja anali m'thumba mwanu," ananong'ona Akuzike.

"Khirisimasi ana asasangalale chifukwa cha inu?"

A Gondwe sanalankhule naye. Anayang'ana mwana wawo Hezron. "Ng'ombe za malowolo zinapita kwawo, mwana ndi wa pano. Akhala ndi Muriel. Mkaziyu apite akachire kwa abale ake."

"Yewo chomene," anavomera m'Chitumbuka mkulu wa nsapato zothimbirira uja. "Mwaweruza mwachifundo."

Abale akewo anali pansi pa miyala ku Chilobwe. Hezron ankadziwa zimenezo, koma anangoti, "Ndamva, adada."

M'mawa mwake anamunyamulira chikwama mpaka kumsewu, akulankhula za mvula, kuti yachedwa kwa fodya. Minibasi itaima, Muriel anatulukira, Temwa ali kumsana m'chitenje cha mayi wake. Mwanayo anatambasula manja n'kuyamba kulira. Akuzike anasuntha phazi, koma Hezron anamugwira pachigongono.

"Mwaiwala katundu wanu, mlamu," anatero Muriel, akumufumbatitsa thonje lija, lakuda ndi fumbi la m'thumba. "Valani, musamumve akulira. Mungadwalenso pamsewu."

Kondakitala anamenya chitseko. Akuzike anakhala pawindo n'kulitsegula lonse. Thonje sanalivale. Anatchera khutu kulira kwa Temwa mpaka minibasi inakhota, ndipo anatcherabe ngakhale pamene kunangotsala phokoso la injini.